Jombo za Achimwene

2 Meyi

Wayilesi mlongo wanga,

Muli bwanji nonse kumeneko? Ine kuno ndili bwino, kungoti miyendo ikulira. Amatithamangitsa ndi chikwama cha miyala kumsana, ati mlonda wa nkhalango asamapume ngati bakha. Mafoni anatilanda tsiku lomwe tinafika, ali mu kabati ya a Sajeni mpaka maphunziro adzathe. Ndiye tizingolemberana. Ndagwirizana ndi a Mawa, a dalaivala a lole ya matimati aja, poti amadutsa pageti pathu pano. Ndikudziwa kuti munthu sangapatsidwe dzina loti Mawa popanda chifukwa, koma nanga titani.

M'katundumu muli sopo ndi nsalu ya Amayi, iwe ndakuikira mafuta odzola. Phukusi lomanga ndi chingwelo ndi la Ababa. Apa utchere khutu, ndipo usawerenge mokuwa monga umachitira. Muli jombo. Anandipatsa zazikulu ngati mabwato, ndiye atandipezera zondikwana, izi anangoti ndione chochita nazo. Ndinakumbukira chidendene cha Ababa chija chikukana kupola chibayidwire ndi chitsa. Aziika nsanza kutsogolo, zikhala bwino.

Koma uwauze azivala m'munda mwathu mokha, kuseri kwa nyumba. Asapite nazo ku ming'oma yawo ya njuchi kunkhalango, ngakhale kamodzi. Kunsi kwake kuli mano amene aliyense kwathuko amawadziwa, si paja alondafe mumatitcha Ajombo. Phazi limenelo likangooneka m'njira, kubuka nkhani.

Anthu akudziwabe kuti ndikulondera sitolo m'tauni, eti? Zikhale choncho. Sikuti ndikuchita manyazi ayi. Nkhalango imeneyo ndinakuliramo, ndikatseka maso ndimaona mtengo uliwonse. Koma chiwotchereni njinga ya mlonda uja chaka chatha, sindikufuna wina ayang'ane denga lathu kawiri.

Undilembere zonse, iwe nkhani siikudutsa. Kodi kuchigayo akukulipira, kapena ukungoyera mutu ndi ufa?

Ndine achimwene ako.


10 Meyi

Achimwene,

Moni, moni, moni! Tonse tili bwino, kaya inu. Katundu wafika dzana, zikomo kwambiri, mafutawo ndadzola mpaka a Bwana akuchigayo andifunsa ngati ndapeza chibwenzi. Koma inu, kalata osalemba? Ngakhale kapepala? Ndinagwedeza nsalu ya Amayi, ndinasuzumira m'pepala la sopo, ayi ndithu. A Mawa ati iwo anangolandira katundu basi. Mwayamba matama chifukwa cha yunifolomu eti?

Phukusi la Ababa sindinalione m'kati. Analowa nalo kuchipinda, kutseka chitseko, kutuluka mano onse pamtunda. Ndafunsa, ati ndi mankhwala a chidendene. Mankhwala omanga ndi chingwe? Chabwino, zanu zimenezo.

Tsono imvani nkhani. Kunabwera mayi wina wa ku ofesi ya nkhalango ndi mapu ake, kutisonkhanitsa pabwalo la sukulu. Ati akufuna kuzunguliza mpanda wa magetsi nkhalango yonse, atseke mpata uja timalowera tonse, aike geti yokhala ndi mlonda. Koma ati sachita tisanavomere, ndiye pakati pa Juni tidzakweza manja. Achimwene, kuchigayo sikukumvekanso injini, anthu akuiposa! A Kalipentala anaima pakhomo nkumati, "Nkhalango ndi yathu, agogo athu anabadwira momwemo. Lero tizikapempha chilolezo kwa mwana wovala chipewa kuti tilowe kwathu?" Ababa nawo osangokhala chete, ati, "Poti ndi yathu, ndiye tiisunge. Mtsinje umene ukumwa iwe umachokera kuti, m'matabwa akowo?" Anthu kuseka, a Kalipentala osaseka.

Ine ndili pakati ngati mchombo. Ndikakumbukira njovu zija zinatimalizira munda tikuonerera, ndimati mpanda ubwere mawa lomwe. Koma ndikaona Amayi ndi mtolo wa nkhuni, ndimati nanga pageti akadzawabweza? Ndipo mayi uja akamati "nkhalango yathu" ndimamva ngati mlendo akutchula Amayi kuti amayi ake.

Koma choopsa ndi ichi. Azimayi opita ku nkhuni aona mapazi a jombo m'njira ya kumpata. Jombo zenizeni za anzanuwo, za mano zija, zazikulu ngati za chimphona. Alonda kuno amabwera pagalimoto, ambiri, aphokoso, timawamvera kutali. Uyu ndi mmodzi, amayenda yekha m'mamawa, ndipo palibe anamuonapo. Akutizonda. Tafunsani kumeneko, kodi atumiza munthu kuno? Akufuna chiyani?

Yankhani, musandiyankhe ndi sopo.

Mlongo wanu,
Wayilesi


19 Meyi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli moyo, poti simukuyankha. Ife tilipo koma zinthu zaipa.

Lachiwiri alonda anabwera ndi magalimoto awiri, kulunjika pomwe a Kalipentala amachekera matabwa mobisa, kutsetsereko kuja. Sanasochere ngakhale pang'ono. Atenga matabwa onse, makina ochekera, ndi mwana wawo wamwamuna uja munkasewera naye mpira. Anamukweza atamumanga manja, mayi ake akugubuduzika mumsewu. Mlongo wake, mnzanga uja, wakhala masiku osadya.

Ndiye anthu aphatikiza ziwiri. Mapazi aja amadutsa pafupi ndi pochekerapo. Anyamata anawalondola, ndipo mukudziwa? Amayambira pamtsinje, kulowa m'nkhalango, kubwerera, kuthera pamtsinje pomwepo. Sapita kumsewu, sapita kukampu ya alonda. Ndiye kuti munthuyo amavulira pamenepo nkulowa pakati pathu ndi mapazi wamba. Ndi wa konkuno, achimwene! Timagula naye mchere sitolo imodzi!

Dzulo ndiye kunali zoyeza. Anandituma ine, ati iwe wa sukulu pita ukayeze bwino. Ndinapita ndi anyamatawo, ndinadula kabango kofanana ndi phazilo. Kukana ndikanayamba bwanji? Kenako mwamuna aliyense kuvula nsapato kutsogolo kwa chigayo, kuponda pa kabango. Zoseketsa koma zosaseketsa. A Telala phazi lawo linakwana ndendende, anyamata kuyamba kale kutola miyala. Anawapulumutsa ndi akazi awo, ati, "Awa? Awa amandidzutsa kuti ndiwaperekeze kuchimbudzi masana dzuwa likuswa mtengo, ndiye akalowe m'nkhalango okha?" Anthu anaseka, miyala inagwa pansi. Koma a Telala mpaka lero sanatsegule shopu.

Ababa atafika, kaphazi kawo kakang'ono kaja sikanafike ndi pakati pomwe. Wina anati, "Awa ndi a njuchi, phazi ngati la mwana wa sitandade wani, adutse." Iwo anangovala patapata wawo nkumapita. Kunyumba sanadye. Ndikuganiza kuti BP yawo ija yakwera ndi zimenezi.

Palibe amene wapezeka, ndiye aliyense akukayikira mnzake. Za mpanda zija ngakhale amene ankavomera ayamba kutembenuka, ati ngati akutizonda mpanda usanabwere, nanga ukadzabwera? A kalabu ya njuchi anzawo a Ababa atsala ochepa, ena akuwoloka msewu akawaona.

Ndipo a Wowotcherera anandiimitsa madzulo, kundifunsa mokoma, "Kodi achimwene ako aja akulondera sitolo iti m'taunimo? Mwana wanga anawafunafuna osawapeza." Ndinati ya zitsulo. Ati, "Iti?" Ndinati ya pafupi ndi ina ija. Achimwene, ine bodza sindilitha, pakamwa panga mumapadziwa. Ndiuzeni choti ndizinena!

Wayilesi


24 Meyi

Wayilesi,

Moni nonse. Ndikulemba chothamanga, nditatsamira khoma la geti. Kalata yako ya pa 10 ndailandira lero. Lero! A Mawa ati inali m'thumba la jekete imene anaisiya kochapitsa.

Ukuti kalata yanga sunaione? Ndinawapatsa m'manja pamodzi ndi katundu! Ndiye kuti Ababa palibe anawauza kanthu. Mlongo wanga, kuno sanatumize munthu aliyense, ndafunsa mochenjera. Mapazi amenewo ndi a Ababa. M'phukusi muja munali jombo zanga. Ndikuwadziwa bambo ako, akuzinyamula m'thumba kuti anthu asazione, nkukavalira kutsogolo. Abisa kwa maso, aiwala kuti dothi nalo limaona.

Ukangowerenga izi, siya chilichonse, pita kuchipinda kwawo, uzitenge, ukaponye m'chimbudzi. Akakalipa akalipe. Uwauze kuti ndanena ndine. Usauze mnzako aliyense, ngakhale uja mumagawana naye chingamu.

Za mpandazo tidzakambirana, koma zandiwawa kuti nawenso ukuti "anzanuwo". Ine ndine mlendo? Pano tikuphunzira kuchotsa mawaya m'miyendo ya nyama, ukanaona mwana wa mbawala amene tinamupeza dzana sukanagona.

Kuyambira mawa atitengera kutchire milungu iwiri, kopanda msewu, kopanda kalata. Ndinapempha a Sajeni foni mphindi imodzi, ati kodi kwanu kwagwa maliro? Ndinati ayi. Ati ndiye dikira agwe.

A Mawa ndawagwira dzanja, alumbira pa ana awo kuti ifika mawa. Mulungu atithandize ndi mawa lawolo.

Achimwene ako


27 Meyi

Achimwene,

Sindikupatsaninso moni wautali. Ndikufunsani chinthu chimodzi, mundiyankhe zoona. Kodi ndinu?

Ndakhala ndikuganiza mpaka mutu kuwawa. Simukuyankha makalata. Njira ya kumpata mumaidziwa ngati m'thumba mwanu. Pochekera pa a Kalipentala munkapadziwa. Pamtsinje pamene mapazi amathera ndi pomwe munkabisa zovala tikamasambira. Phazi lanu si lalikulu choncho, koma nsapato za boma zinamukwanapo ndani? Ndiye kuti anakutumani kuno kudzayesedwa ntchito, mukugona kutchire, mukutiona ife osatilonjera. Ngati ndi choncho mwandilakwira. Mnzanu amene munkadya naye mbale imodzi ali m'chitokosi.

Koma ngakhale mutakhala inu, ndinu achimwene anga, ndiye imvani. MUSADZERENSO NJIRA IMENEYO. Atchera msampha. Wandiuza ndi mnzanga uja akulira, ati bambo ake ndi a Wowotcherera apanga chitsulo cha mano ndi masipuling'i a galimoto, chotsegula anthu awiri. Anachiyesa pa mpini wa khasu, mpini unaduka ngati mzimbe. Achikwirira panjira pakati pa mtsinje ndi mpata. Azimayi a nkhuni awauza kuti azizungulira kumtunda. A kalabu ya njuchi sanawauze, ati amenewo ndi okonda Ajombo, akaulula.

Ndinafuna kuwauza Ababa. Koma ndikawauza za msampha andifunsa chimene ndikunjenjemerera, ndipo ine ndidzangoti ndi achimwene, BP ija nkuwagwetsa. Ndangowafunsa ngati apite ku ming'oma sabata ino, ati ayi, chidendene chavuta, apuma kaye. Ndiye kumbali imeneyo mtima uli pansi.

Sindikudya. Injini ya chigayo ikangoti phaa ndimalumpha, ndimaona ngati ndi chitsulo chija chatseka. Dzulo ndinathira mgaiwa wa mayi wina m'thumba la mayi wina, anandinyoza mpaka agogo anga.

Ngati kalatayi ikupezani kukampu, ndiye kuti ndakunamizirani, mundikhululukire. Ngati siikupezani, sindikudziwa kuti ndikulembera ndani.

Wayilesi


30 Meyi

Achimwene anga,

Ababa ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti musafe musanafike pansi pa pepalali. Ali moyo, mwendo ulipo. Tsono khalani pansi.

Dzulo m'mawa ndikutsegula chigayo, a Mawa anaimitsa lole, kundipatsa makalata awiri. Ina yoyera, ina yakuda bii ndi oyilo, ati anaipeza pansi pa mpando posintha tayala. "Pepani mwana wanga, koma si yafika?" Ndinayamba ndi yakudayo, ya pa 2 Meyi. Nditafika pa mawu oti jombo, ndinakumbukira phukusi lija. Inayo, ya pa 24, ndinangoiona mzere umodzi. Ndinasiya chigayo chosatseka, makiyi pachitseko.

Kunyumba ndinapeza Amayi akusesa. Ababa ali kuti? Ati alawira, ati uchi wakhwima sungadikire chidendene. Ndinakuwa, Amayi anaponya tsache. Ndinathamanga, achimwene, ine amene pa sukulu ndinkathera kumbuyo pa mpikisano uliwonse. Pamtsinje, pansi pa mwala wathu uja, ndinapeza patapata wawo ataikidwa bwinobwino, wina pamwamba pa mnzake. Kutsidya mapazi a mano aja, atsopano, akulowera kumtunda. Ndinaitana, "Ababa! Ababa imani!" Mawu osatuluka bwino, mpweya watha.

Kenako ndinamva. Sindidzaiwala. Ngati munthu wamenyetsa chitseko cha lole. Ndi mawu a Ababa, kamodzi kokha.

Ndinawapeza atakhala pansi, ndowa ya uchi uko, chitsulo chitaluma jombo ya kumanja. Nkhope yatuwa ngati phulusa. Ndisanawagwire, tchire linagwedezeka, kutuluka a Kalipentala, a Wowotcherera ndi anyamata, zibonga m'manja. Ankadikira. Amene anali kutsogolo anali atakweza kale chibonga. Ndinadzigwetsa pa Ababa nkumakuwa zimene sindikuzikumbuka.

Chibonga chija chinatsika. A Kalipentala anati, "Iwe?" Ababa anati, "Ine. Tachotsa chinthu chakochi, tikambirana bwino." A Wowotcherera ndi mnyamata mmodzi analephera kawiri kuchitsegula. Atatsegula, jombo inali itaphwanyika kutsogolo konse, ine ndinatseka maso. Ababa anasolola phazi. Achimwene, chitsulo chinaluma nsanza! Kaphazi kawo kaja kanali kumbuyo, kutsogolo konse kunali malaya anu akale a sukulu atawapindapinda. Chala chachikulu chokha ndi chimene chathyoka, chikhadabo chachoka. Zikanakhala zowakwana, bwenzi pano tikunena zina.

Musaganize kuti anatipepesa. Mnyamata wina analavula, ati kazitape ndi kazitape ngakhale akhale ndi imvi. A Kalipentala anafunsa, "Jombozi unazitenga kuti?" Ababa anati, "Ndidzayankha pa msonkhano, pamaso pa onse." Anatisiya pomwepo. Ndinawatsitsa ndekha atandikolowekera dzanja m'khosi, kenako Amayi anabwera ndi wilibala. Tinadutsa pamsika onse akutiyang'ana, palibe anati pepani.

Kuchipatala awamanga. Ndawafunsa kuti inu Ababa, munaona anthu akuyezedwa mapazi, a Telala atatsala pang'ono kuphedwa, bwanji simunasiye? Ati anasiya masiku angapo, kenako anayamba kufufuta mapazi ndi nthambi, nkumaona ngati zatheka. Ndiye anayang'ana kukhoma nkunena kuti, "Ndikazivala ndimakhala ngati ndikuyenda ndi mwana wanga." Ndinalephera kuwakalipira.

Ine ndi amene ndinadula kabango kaja. Ine ndi amene ndinadziwa za msampha nkukhala chete. Ndipo ndinakunamizirani inu. Kalata ya pa 27 ija mukaiwerenga muing'ambe.

Pano Amayi adzaza madzi m'ndowa zonse ndi m'mabafa, aziika m'mbali mwa khoma. Sakunena chifukwa, koma tonse tikudziwa. Msonkhano uli pa 14. Ababa akuti akanena zonse, za inu zomwe. Ndawagwadira kuti anene kuti anazitola, akukana. Achimwene, atiwotcha.

Wayilesi


9 Juni

Ababa, Amayi, ndi iwe Wayilesi,

Ndabwerako kutchire dzulo, ndapeza makalata atatu. Ndawerenga nditaima, kenako ndinapezeka nditakhala pansi. Ababa, chala chili bwanji? Mukugona m'nyumba momwemo?

Wolakwa ndine. Ndinatumiza moto m'phukusi. Iwe Wayilesi usadzidye mtima, kalata yako sindiing'amba, munthu amene amakuchenjeza akukuyesa wolakwa ndiye m'bale.

Ndaganiza. Ntchitoyi ndisiya. Ndikabweza yunifolomu, ndibwere ndidzaime pamsonkhanopo ndinene kuti ndinalowa koma ndatuluka, jombo zinali zanga, za matabwa sitikudziwapo kanthu. Akafuna womenya amenye ine. Nkhalango ndimaikonda, koma siinandibereke.

Ababa, musanene kanthu ndisanafike. A Sajeni akuti wosiya amadikira kalata ya akuluakulu, ndiye mwina ndichedwa. Chonde dikirani. Ngati zavuta pitani kwa azakhali.

Mwana wanu


16 Juni

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Akulemba ndi mlongo wako, ndamuuza alembe zimene ndikunena, asathiremo mchere wake. Tili bwino. Nyumba ilipo. Chala chikupola, chikhadabo ati chidzamera china.

Kalata yako yafika dzulo, msonkhano utapita kale. Ngakhale ikanafika nthawi yabwino sindikanakudikira.

Ndinapita ndi ndodo, jombo yophwanyika m'manja, inayo kuphazi. Ndinaiika patebulo pamaso pa mayi wa mapu uja. Ndinati jombozi ndi za mwana wanga, mwana wanga ndi Mjombo, sitolo ija kulibe.

(Achimwene, ndine Wayilesi, ndiloleni pang'ono. Bwalo lonse linaphulika! Ena kuimirira, ena kukuwa kuti tinanena ife. Amayi anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Ine ndinali nditaona kale pothawira, kuseri kwa kalasi ya sitandade 8.)

Ndinadikira atope. Ndinati mumanena kuti nkhalango ndi yathu, Ajombo ndi alendo. Uyu munamunyamula ali khanda, ena mwa inu anakukodzerani pamiyendo. Ngati nkhalango ili yathu, woilondera akhale wa ndani? Kalipentala anaimirira, anati, "Ndiye mwana wako adzamanga mwana wanga?" Ndinati akadzamupeza ndi makina, adzamumanga. Koma adzamuitana ndi dzina lake, ndipo madzulo adzabwera kudzakuyang'ana m'maso. Mwa amene anabwera aja unadziwapo ndani?

(Apa mkazi wa a Telala anakuwa kuti, "Za kazitape zomwezo tisiyeni nazo! Makina ako aja ndinkawamva ine ndili m'bafa, ndiye alonda alibe makutu?" Anthu anaseka, achimwene, koyamba mwezi wonse. Mayi wa mapu anavomera kuti alonda anamva makinawo ali pa nsanja yawo yolondera. Sikuti onse anakhulupirira ayi.)

Mayi uja ndinamuuzanso zake. Ndinati mpanda wanu tiuvomera ngati geti ikhala pampata pomwe makolo athu ankalowera, azimayi azitola nkhuni, ife tizipita ku njuchi, ndipo pagetipo paziima ana a konkuno. Mukatitsekera kunja ngati mbuzi, waya wanuyo mudzamupeza ali m'misampha. Analemba. Kaya adzachita, tidzaona.

Manja anakwezedwa. Ovomera anaposa, koma pang'ono. Kalipentala anakana, ndipo sindimuda, mwana wake akadali m'kati. Za chitsulo chija apolisi anandifunsa, ndinati ndinapunthwa. Ine ndi Kalipentala sitionetsana mano, koma dzulo anatumiza mtsikana wake kudzafunsa chala.

Tsono za kusiya ntchito. Usayerekeze. Ine ndathyoka chala kuti ndinene pagulu kuti mwana wanga ndi mlonda, ndiye iwe ubwere udzandisandutse wabodza? Maliza maphunziro. Ukamabwera ubwere masana, utavala zonse mpaka chipewa, utsikire pamsika. Usadzere kuseri ngati ine. Kubisa ndi kumene kunatipweteka.

Jombo yotsalayo ndaiika pakhonde, kuti wofuna kuyeza asavutikenso ndi kabango.

Ndine bambo ako.

Achimwene, ndi ine tsopano, iwo apita kukagona. Musamve ngati zonse zatha. Ndowa zija Amayi sanazichotse, amangosintha madzi. Anyamata aja akandiona amaponda pansi mwamphamvu nkumati "jombo, jombo". A Wowotcherera sakundiyankha moni, ndipo chitsulo chija palibe akudziwa kumene chinapita. Koma dzulo kuchigayo mayi wina amene anakana mpanda anandikokera pambali, kundinong'oneza kuti kodi kwa Ajombo kumeneko amalemba ntchito liti, mwana wake ali ndi satifiketi akungokhala.

Ine mantha sanandichoke. Ndiye tsiku lobwera mundiuze msanga, ndipo musatume a Mawa, mubwereke foni ya a Sajeni ngakhale mogwada. Ndidzakuchingamirani pa siteji. Inu muzidzayenda mutadzutsa mutu monga anenera Ababa. Ine ndidzakhala kutsogolo kwanu, maso pansi, ndikuyang'ana pomwe mukuponda.

Mlongo wanu,
Wayilesi